TINAITANIDWA KUDZAKHALA MBONI

Mwezi wa Ogasiti kuno ku Chigawo cha Kum'mawa ndi mwezi wa maukwati. Pa nthawiyi chimanga chimakhala chitalowa m'nkhokwe, nsawa zauma, thonje ndi fodya zagulitsidwa, ndipo ngakhale mlimi wamng'ono amakhala ndi kangachepe m'thumba. Misewu ya kumidzi ndi youma, ana a sukulu ali pa tchuthi, ndipo nyengo ya Lenti, imene Akristu amapewa madyerero aakulu, inadutsa kale. Motero banja lililonse lokhala ndi nkhani yofuna abale onse limaponya maso pa mwezi womwewu. Popezanso kuchokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita oposa 550, ndipo mtengo wa basi sulola munthu kuyenda kawirikawiri, zochitika zonse za banja zimaunjikidwa pa masiku atatu okha: Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu.

Owerenga okondedwa, mwezi uno tafuna kukambirana nanu za masiku atatu otere amene banja lathu linadutsamo pa ukwati wa mphwathu, mwana wamkazi wa mlongo wathu. Pa mwambo wathu wa Chichewa ana a mlongo ndiwo mbumba ya munthu, ndipo malume ndiye amasenza unkhoswe. Tsono ku ukwati umenewu sitinapite monga akatekisiti ophunzitsa ana a eni, monga tachitira kwa zaka zambiri, koma monga eni nkhani. Chimene tinaonako ndi ichi: ntchito zambiri za pa ukwati munthu angathe kutumira mnzake, koma ilipo imodzi imene mbale sangatumire wina aliyense, ndiyo kumva ndi makutu ake malonjezo a ana ake, ndi kusunga umboni umenewo zaka zonse zotsatira.

Nkhani zinayi pa masiku atatu

Mnyamata wokwatirayo ndi Mngoni wa kufupi ndi Mtenguleni, kumene kumachitikira mwambo wa Nc'wala chaka ndi chaka kumapeto kwa Febuluwale. Ife ndife Achewa a m'mbali mwa msewu wopita ku Chadiza. Tsiku la ukwati anasankha ndi ana eni ake, molingana ndi tchuthi cha ku ntchito kwao, ndipo linalembedwa m'buku la parishi kutatsala miyezi 6. Pambuyo pake ndi pamene akulu a kumudzi anayang'anitsitsa kalendala naona kuti tsikulo ndi Loweruka lomaliza la Ogasiti, tsiku la Kulamba, pamene mafumu a Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Mwambowu, umene unatsitsimutsidwa mu 1984, Mchewa sautenga mwamasewera, ndipo mbale wathu wina amene ndi nyakwawa ya mudzi anayenera kuperekeza mfumu yake kumeneko.

Kuonjezera apo, chiliza cha malemu amayi athu, agogo ake a mkwatibwi, chinali chitamangidwa kale, chikungodikira tsiku limene ana ndi adzukulu onse adzakhalepo kuti chidalitsidwe. Ndiponso mwana wathu wamkazi amene anakwatiwa ku Kitwe anali ndi khanda limene anafuna kuti lidzabatizidwe kwao kwa makolo, atatenga kale kalata kwa Bambo Mfumu wa parishi yake. Choncho nkhani zinakhala zinayi: manda Lachisanu, ukwati ndi Kulamba Loweruka, ubatizo Lamulungu. Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Ife tinali nao anayi.

Kutatsala masabata atatu tinaitana msonkhano wa banja pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa mlongo wathu. Ena anati tsiku lisinthidwe, koma ukwati unali utayamba kale kulengezedwa m'tchalitchi, ndipo a ku Lusaka ndi a ku Kitwe anali atapempha kale tchuthi. Nyakwawa inayankhula mwaulemu: "Abale anga, ine ku Mkaika ndiyenera kupita, pakuti udindo umenewu sindinadzipatse ndekha. Koma Lachisanu usiku ndidzakhala nanu pa bwalo la ankhoswe, ndipo Loweruka ndidzabwerako dzuwa lisanalowe." Palibe anatsutsa.

Kenaka tinayamba kugawana ntchito. Wina analembedwa kukagula ng'ombe, wina kutema nkhuni, atsikana kutunga madzi, amayi kuphika thobwa ndi kubwereka mapoto akuluakulu, anyamata kunyamula mipando, wina kuthamangira keke m'tauni, wina kuyang'anira za lole ndi mafuta ake. Maina onse atawerengedwa, aliyense anagwedeza mutu mokhutira. Pamenepo amayi athu aang'ono, amene ndi okhawo otsala pa mbadwo wao ndipo zaka zao zapitirira 80, anakhosomola pang'ono nafunsa: "Ana inu, ndamva wophika, ndamva wotunga madzi, ndamva wa galimoto. Nanga pamene mdzukulu wanga azidzalonjeza, m'tchalitchimo mudzakhala ndani?"

Tinawerenganso mainawo limodzilimodzi, ndipo zinaoneka kuti pa 10 koloko m'mawa, nthawi ya Misa, pafupifupi mbale wamkulu aliyense anali ndi pake pogwira kutali ndi tchalitchi. Funso la agogowa si la banja lathu lokha. Pa zaka zimene tatumikira m'parishi taona maukwati ambiri amene m'tchalitchi mumakhala akwaya, makolo, mboni ziwiri ndi ana ongotsatira nthungululu, mipando yambiri ili yopanda anthu. Koma ikakwana 2 koloko masana, ku madyerero kumasowa popondapo. Abale osowa m'tchalitchiwo sakhala aulesi kapena osapemphera ai. Kawirikawiri ndi omwewo okonda ana ao koposa, amene adzuka tambala woyamba nakhala pa moto mpaka maso kufiira ndi utsi. Chikondi chao chomwecho ndicho chimawamana mphindi zimene ukwati umamangidwa.

Yankho linachokera ku mphakati wathu. Miphakati, monga ena mukumbukira, inalimbikitsidwa ndi Maepiskopi a AMECEA pa misonkhano yao ya mu 1973 ndi 1976, ndipo kuno kwathu inazika mizu m'zaka zimene malemu Kadinala Medardo Mazombwe anali Episkopi wa Chipata, kuyambira 1971 mpaka 1996. Sinodi ya Africa ya mu 1994 inatsindika kuti Mpingo ndi Banja la Mulungu. Mau amenewa timawamva pa guwa, koma tanthauzo lake tinaliona pa mafuwa. Amayi a mphakati, amene si abale a mkwatibwi mwa magazi, anadzipereka kugwira mapoto kuyambira 9 koloko mpaka Misa itatha, ndipo abambo awiri anatenga za mipando ndi nkhuni. Pangano linali lakuti tsiku limene iwonso adzakwatitse, banja lathu lidzawasonkhezera moto.

Lachisanu: m'mawa kumanda, usiku pa bwalo

Alendo anayamba kufika Lachinayi. A ku Lusaka anatsika basi madzulo msana utauma, a ku Mchinji anadzera pa malire a Mwami, ndipo a ku Kitwe anabwera ndi mkamwini wathu Mbemba, amene atangomva kuti mkwati ndi Mngoni anayamba chimbuya chake, kufunsa ngati pa phwandolo padzakhala ndiwo ina kupatula mbewa. Nyumba zinadzaza, ena anagona pa mphasa m'khonde, ndipo ana obadwira m'tauni anaona koyamba abale amene ankangowamva maina.

Lachisanu m'mawa tinapita kumanda. Tinapemphera Kolona, tinawaza madzi odalitsidwa pa chiliza, ndipo mkulu wa banja anafotokozera adzukulu mbiri ya agogo ao: kuti anakamangitsa ukwati ku mishoni atayenda pansi tsiku lathunthu, popanda keke, popanda galimoto, ndi kuti anakhala ndi atate athu zaka zoposa 50 mpaka imfa inawalekanitsa. Mkwatibwi anaima pamenepo chete, mawa lake ali wokalonjeza. Ena anadandaula kuti kuyandikanitsa manda ndi ukwati chotere ndi kusakaniza misozi ndi nthungululu. Ife tinaona kuti panalibe mlangizi amene akadaphunzitsa mtsikanayo tanthauzo la malonjezo a moyo wonse momveka kuposa mwala umenewo.

Masana alangizi anatengera mkwatibwi pambali, abambo anali pa ng'ombe, ndipo dzuwa litalowa ankhoswe a mbali zonse ziwiri tinakhala pansi, nyakwawa ili pakati pathu. Kukumana kumeneku kunali kofunika kwambiri chifukwa ana athu achokera ku miyambo iwiri yosiyana. Kwa ife Achewa mwana amatsata kuchikazi. Kale mwamuna ankapita kukakhala chikamwini kwao kwa mkazi, ndipo kumutenga mkaziyo chitengwa kunkafuna chilolezo cha eni mbumba. Kwa Angoni a Mpezeni, amene makolo ao anaoloka mtsinje wa Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, mwana ndi wa kuchimuna, ndipo ng'ombe za malowolo ndizo zimatsimikiza zimenezi. Miyambo yonse iwiri ndi yolemekezeka, ndipo mitundu iwiriyi yakhala ikukwatirana kwa mibadwo ingapo. Komatu mabanja ambiri sakambirana za kusiyanaku pa nthawi ya mtendere. Amadzakukumbukira pa tsiku la mkangano kapena la maliro, mitima itatentha kale.

Za malowolo zinali zitatha kale miyezi ya m'mbuyo. Usiku umenewo tinaika pa mphasa mafunso atatu. Loyamba linali lakuti anawa adzakhala kuti, ndipo ana ao adzakhala a yani. Tinagwirizana kuti adzamanga banja lao ku Kapata, mumzinda wa Chipata momwe onse awiri amagwira ntchito, ndi kuti ana amene Mulungu adzawapatse adzakhala poyamba a atate ndi amayi ao, nadzadziwa midzi yonse iwiri monga kwao.

Lachiwiri linali lolemera: nanga mwana akapanda kubadwa? Panakhala chete. Tonse tikudziwa mabanja amene anapasuka chifukwa abale anayamba kunong'oneza mwamuna kuti atenge mkazi wachiwiri, kapena kunong'oneza mkazi kuti abwerere kwao, osapita ndi kuchipatala komwe kukamva pamene pali bvuto. Mpingo umaphunzitsa kuti ukwati wa Akristu ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi mpaka imfa, ndi kuti kusowa kwa mwana sikuuchotsera mphamvu. Boma nalonso silola mitala kwa amene alembetsa ukwati wao pansi pa lamulo la maukwati. Koma lamulo lolembedwa silikwanira ngati malume ndi azakhali sanalibvomere ndi pakamwa pao. Nkhoswe ya kuchimuna, atate aang'ono a mkwati, munthu wa mau ochepa, anayankha kuti: "Asewere, ife tadzatenga mwana wanu kuti akhale mwana wathu. Akabala tidzabvina, akapanda kubala adzakhalabe wathu. Mau awa ndanena pamaso pa mfumu."

Lachitatu linali la imfa. Mmodzi mwa akulu anati kutchula imfa ukwati uli mawa ndi kuitana tsoka. Nyakwawa inamukumbutsa kuti m'mawa womwewo tonse tinali kumanda, ndi kuti imfa sidikira kuitchula. Tinakumbutsana za lamulo la mu 1989 lokhudza chuma cha munthu womwalira osasiya wilo: magawo 50 pa 100 amapita kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a womwalirayo, ndipo 10 kwa ena amene ankadalira iye, nyumba ndi ziwiya za m'nyumba zimatsala m'manja mwa wamasiye ndi ana. Ngakhale lamuloli lakhalapo zaka zoposa 30, akadalipo pakati pathu amasiye olandidwa ndi mbale zodyera zomwe, ndipo nthawi zina olandawo ndi anthu omwe aja anabvina pa ukwati. Mbali zonse ziwiri zinalonjeza kuti zotere sizidzachitika pa ana awa. Tinabalalika usiku utapita ndithu, tili otopa koma mitima ili m'malo.

Mphindi zisanu kutsogolo kwa guwa

Loweruka nyakwawa inanyamuka mbandakucha kupita ku Mkaika. Pofika 10 koloko mbali ya kuchikazi inali yonse m'tchalitchi. Mlongo wathu, amene pa maukwati ena onse amakhala wa kumoto, anakhala kutsogolo atabvala chitenje chatsopano, manja ali pa maondo ngati akusowa chogwira. Koma mbali ya kuchimuna inali ndi mipata yambiri. Lole imene inanyamula anthu a kwao kwa mkwati inafera pa msewu makilomita angapo kunja kwa mzinda, ndipo m'menemo munali amayi ake om'bala.

Wansembe anali ndi maliro ku nthambi ina ya parishi masana omwewo, ndipo a komiti ankangoyang'ana mawotchi, poganiza za chakudya chimene chidzazizire ndi galimoto zobwereka zolipiridwa pa maola. Mwa lamulo ukwati ukadatha kumangidwa, pakuti akwati, wansembe ndi mboni ziwiri onse analipo. Mkwati anayandikira wansembe nanena motsitsa mau: "Bambo, chonde tidikireko amayi. Ndifuna adzimvere okha zimene ndilonjeze." Wansembe anabvomera, akwaya anapitiriza kuimba, ndipo anyamata awiri anathamanga kukaitana a njinga za hayala, zimene sizisowa pa mphambano za mu Chipata. Patatha mphindi ngati 40 mayi wokalambayo anatsika pa keliyala ya njinga, fumbi lili mpaka pa duku, ndipo anzake anatsatira m'mbuyo mwake mmodzimmodzi. Nthungululu imene inamveka pamenepo inaposa ya podula keke.

Kodi mnyamatayo anachita bwino kudikira? Ambiri timaganiza kuti wansembe ndiye amakwatitsa anthu. Chiphunzitso cha Mpingo wathu ndi chakuti mwamuna ndi mkazi eni ake ndiwo amapatsana Sakramenti la Ukwati pamene abvomerezana mwaufulu, mosakakamizidwa ndi munthu. Wansembe kapena dikoni amafunsa, nalandira kubvomerezanako m'dzina la Mpingo, nadalitsa. Pa Msonkhano wa ku Trent, mu 1563, Mpingo unalamula kuti zimenezi zizichitika poyera, pamaso pa wansembe ndi mboni, pofuna kuthetsa maukwati am'seri amene munthu ankatha kuwakana mawa lake. Buku la malamulo a Mpingo la mu 1983, pa nambala 1108, likusungabe lamuloli: pakhale wansembe kapena dikoni wopatsidwa mphamvu, ndi mboni ziwiri. Makolo athu, asanamve za Trent, anali ndi nzeru yomweyo: ukwati wopanda ankhoswe sankauwerengera, ndipo mlandu wake sunkamveka pa bwalo la mfumu. Mboni iyeneranso kutsimikiza kuti wolonjezayo ndi munthu wamkulu wodziwa chimene akunena; kuyambira mu 2023 lamulo la dziko lathu silola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ngakhale utakhala wa mwambo.

Osaina m'buku ndi awiri, koma aliyense amene wamva ndi makutu ake wasenza umboni. Malonjezo enieniwo, pamodzi ndi kubvekana mphete, satenga mphindi zoposa zisanu. Miyezi 6 ya misonkhano, ng'ombe, nkhuni ndi zopereka, zonse zinali zoperekeza mphindi zisanu zimenezi. Tinamumva mphwathu, amene tinamunyamula ali khanda, akuyankha ndi mau onjenjemera koma omveka mpaka kukhomo. Tinawaona amayi athu aang'ono atatsamira ndodo yao, khutu atalozetsa kutsogolo kuti liu lililonse lisawaphonye. Tsiku lina, mwina patapita zaka 7 kapena 20, mmodzi mwa ana awa angadzabwere kwa ife mtima utasweka, akunena kuti watopa. Pa tsiku limenelo zithunzi za keke sizidzathandiza kanthu. Adzathandiza ndi munthu wotha kunena kuti: "Mwana wanga, ine ndinalipo. Ndinakumva iwe, ndinamumvanso mnzako. Khala pansi, timuitane, tikambirane."

Mthenga Wabwino wa tsikulo unali wa ukwati wa ku Kana, m'mutu 2 wa Yohane. Timakonda kukumbukira kuti Amayi Maria ndiwo anazindikira kuti vinyo watha, eni phwando asanachite manyazi. Koma mlembiyo akutiuzanso kuti amene anadziwa kumene kunachokera vinyo wabwinoyo anali atumiki amene anatunga madzi ndi kudzaza mitsuko 6 ija, pamene mkulu wa phwando sanadziwe. Pomva zimenezi tinakumbukira amayi a mphakati amene nthawi yomweyo anali mu utsi chifukwa cha ife. Ntchito ya kumoto ndi yoyera, ndipo Ambuye amaiona. Pempho lathu ndi lakuti pa ukwati wa mwana wanu inu eni, lolani kuti ena akugwirireni mtsuko kwa maola awiri kapena atatu.

Za madyerero sitinena zambiri, pakuti mukuzidziwa. Nsima ndi mpunga zinakwanira, thobwa linatsala, Angoni anaponda ngoma yao mpaka fumbi kobo, amayi a kwathu anayankha ndi chitelele, ndipo mkamwini wathu Mbemba uja anadya nyama ya ng'ombe osafunsanso za mbewa. Banja linali litagwirizana kale kuti phwando lilingane ndi zimene zasonkhedwa, kuti anawa asayambe banja atasenza ngongole. Malemu Papa Francis, m'kalata yake Amoris Laetitia ya mu 2016, anachenjeza za otomerana amene amathera mphamvu ndi chuma pa makalata oitanira, zobvala ndi madyerero, nafika pa tsiku la ukwati atalefuka kale. Chenjezoli ndi lathunso abale, pakuti nthawi zambiri ndife timakweza phwando pofuna kuposa la anansi athu.

Dzuwa litapendeka nyakwawa inafika kuchokera ku Mkaika monga inalonjezera. Isanalandire ndi madzi akumwa omwe inafunsa kuti: "Kodi alonjezana? Anamva ndani?" Anayankha anthu ambiri nthawi imodzi, a kuchikazi ndi a kuchimuna omwe.

Lolemba likafika

Lamulungu pa Misa khanda la ku Kitwe linabatizidwa, akwati atsopano atakhala pamodzi monga bambo ndi mayi a nyumba. Apanso Mpingo unafuna anthu oimirira pafupi ndi kuyankha poyera, bambo ndi mayi a ubatizo, amene udindo wao sutha ndi kuthira kwa madzi. Masana alendo anayamba kutsanzika, ena kuthamangira basi ya ku Lusaka, ena kumalire. Lolemba m'mawa mudzi unali zii. Panatsala mulu wa phulusa, mapoto obweza kwa eni ake, ndi mbale zingapo zosowa zofunika kulipira.

Ntchito za wophika, wa mipando ndi wa lole zinathera pamenepo. Ya unkhoswe ndiyo inayamba tsiku limenelo. Ankhoswe ambiri amaoneka kawiri kokha: pa tsiku la ukwati ndi pa tsiku la mlandu. Pakati pake pamadutsa zaka zimene banja latsopano limalimbana lokha ndi lendi ya nyumba, matenda a ana, kutha kwa ntchito, mowa, ndi abale a mbali zonse opempha thandizo. Nkhoswe yofika pokhapokha zinthu zitaonongeka imaoneka ngati woweruza, ndipo ana amaiopa naibisira mabvuto ao mpaka chilonda chitanyeka. Chifukwa chake ife ndi nkhoswe inzathu ya kuchimuna tinapangana kuti tiziwayendera anawa popanda mlandu, pa Krisimasi ndi pa nthawi yokolola, kudya nao nsima ndi kupemphera nao, kuti tsiku la bvuto adzabwere kwa anthu amene anazolowera kale kucheza nao.

Tinenenso mosabisa kuti kusunga umboni sikutanthauza kubwezera mwana ku nyumba imene akumenyedwa, ndi mau akuti banja ndi kupirira. Amene tinamva malonjezo tinamva kuti analonjezana chikondi ndi ulemu, ndipo womenya mnzake ndiye waphwanya zimene analonjeza. Malamulo a Mpingo, pa nambala 1153, amalola kuti wokwatira apatukane ndi mnzake ngati moyo wake kapena wa ana uli pangozi, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo la mu 2011 loletsa nkhanza zotere. Nkhoswe yoona imadzudzula mwana wake yemwe akalakwa, imateteza wofooka, ndipo imadziwa nthawi yoitana wansembe ndi nthawi yopita kwa apolisi.

Tsono inu amene mukukonzekera ukwati wa mwana, mphwanu kapena mdzukulu, yambani mwatsegula kalendala, muone tsikulo ngati siligundana ndi Kulamba, Nc'wala kapena nkhani zina za banja. Ngati nkhani zaunjikana ndithu, monga zimachitikira kwa ife a thumba lochepa, musataye mtima. Khalani pansi msanga, mugawane ntchito, ndipo pomaliza mufunse funso la agogo aja, lakuti m'tchalitchi mudzakhala ndani. Pemphani mphakati wanu ukugwirireni moto, inunso mudzagwirire ena. Ankhoswe akumane ukwati usanachitike, akambe zolemera mitima ikadali yozizira. Ndipo inu oitanidwa, musawerengere kadi ya ukwati ngati tikiti ya chakudya cha masana; fikani pa Misa nthawi yabwino, mukhale pomveka, mutchere khutu.

Tiwapempherere onse amene amanga ukwati chaka chino m'maparishi a dayosizi yathu, kuti Banja Loyera la ku Nazareti liwasunge, ndi kuti asasowe abale okumbukira zimene anamva. Mulungu adalitse mabanja anu onse. Tidzachezanso mwezi wa mawa.